Salar Jung wa ku Hyderabad, nduna imene inatumikira mabwana awiri kwa zaka 30

Mumzinda wa Hyderabad ku India, m'mphepete mwa mtsinje wa Musi, muli nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Salar Jung Museum. Alendo ambiri akangolowamo amafunsa kumene kuli chiboliboli cha mkazi wofunda nsalu kumutu mpaka kumaso. Mkaziyo ndi nsalu yakeyo zinasemedwa pa mwala umodzi woyera, koma ukaima pafupi umaona mphuno ndi milomo kuseri kwa nsaluyo, moti umaganiza kuti kukaomba kamphepo ikupizika. Anachisema ndi mmisiri wa ku Italy, Giovanni Maria Benzoni, ndipo mkaziyo ndi Rebeka wa m'Baibulo, uja anadzifunda nsalu ataona Isake akubwera poteropo.

Amene anagula chiboliboli chimenechi ku Rome mu 1876 ndi Mir Turab Ali Khan, nduna yaikulu ya dziko la Hyderabad, wodziwika ndi dzina laulemu loti Salar Jung. Ku Rome ankangodutsa. Ulendo wake unali wa ku London, kukapempha Angerezi kuti abweze chigawo cha Berar, dera la thonje limene anatenga m'manja mwa mfumu yake zaka 23 m'mbuyomo. Anabwerera kwawo ndi Rebeka, koma za Berar anamuuza kuti adikire. Anadikira mpaka kumwalira.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi dziko lenilenilo. Pa nthawi ya atsamunda, si India yense amene ankalamulidwa mwachindunji ndi Angerezi. Munali maufumu oposa 500 amene anasiyidwa m'manja mwa mafumu awo, ena aang'ono ngati mudzi wa nyakwawa, ena aakulu kwabasi. Hyderabad inali m'gulu la aakulu kwambiri ndipo inali yolemera kuposa ambiri: kukula kwake kunali pafupifupi kuwirikiza kawiri Malawi. Mfumu yake inkatchedwa Nizam, ndipo mzera wa mafumuwo unayamba mu 1724 pamene bwanamkubwa wina wa ufumu wa Mughal anaona kuti mphamvu za ku Delhi zaphwa, n'kuyamba kudzilamulira yekha. Mafumuwo anali Asilamu, chilankhulo cha m'maofesi chinali Chiperisiya, koma anthu ambiri a m'midzi anali Ahindu olankhula Chitelugu, Chimarathi ndi Chikannada. Kuyambira 1798, Nizam anali pa mgwirizano ndi kampani ya Angerezi ya East India Company: iwo amuteteze, iye alipire asilikali awo ndipo asapalane ubwenzi ndi dziko lina popanda chilolezo chawo. Pofuna kuonetsetsa kuti zikuyenda momwemo, Angerezi anaika kazembe wawo mumzindamo, m'chinyumba cha nsanamira zazitali kutsidya lina la Musi. Pakati pa Nizam ndi kazembeyo ndi pamene pankakhala nduna yaikulu, imene kumeneko ankaitcha Diwan.

Mpando wa kubanja

Salar Jung sanautole panjira undunawo. Banja lake linkati makolo awo anachokera ku Arabia, nakatumikira mafumu a ku Bijapur, kenako a Mughal, asanafike kwa Nizam. Anali Asilamu a Chishiya pamene mafumuwo anali a Chisuni, ndipo adani ake sankaiwala kukumbutsa anthu zimenezi zinthu zikavuta. Munthu amene anakweza banjali ndi Mir Alam, yemwe anatsogolera asilikali a Nizam pothandiza Angerezi kugonjetsa Tipu Sultan, mfumu ya ku Mysore, ku Seringapatam mu 1799, nakhala nduna yaikulu kuyambira 1804 mpaka imfa yake mu 1808. Damu lalikulu limene anamangitsa kunja kwa mzinda lidakalipo ndipo limatchedwabe dzina lake. Mir Alam atamwalira, mpando unapita kwa mkamwini wake, Munir-ul-Mulk, amene ndi agogo ake a Salar Jung.

Koma mkamwiniyu anangopatsidwa dzina. Angerezi sankamukhulupirira, choncho anakonza zoti ntchito yeniyeni izigwiridwa ndi wachiwiri wake, Chandu Lal, amene anagwira chiwongolero mpaka 1843. Zaka zimenezi ndi zimene zinakumba dzenje limene Salar Jung anadzapeza. Boma linalibe thumba limodzi la ndalama. Likafuna ndalama linkagulitsa ufulu wotolera msonkho m'dera lakutilakuti kwa aliyense amene walipira zambiri, ndipo wogulayo ankapita kukafinya alimi kuti abweze ndalama zake ndi phindu pamwamba. Choipa kwambiri n'choti dera lomwelo ankatha kuligulitsanso kwa wina mawa lake. Anthu ankaseka kuti wokhometsa msonkho akamatuluka mumzinda amakwera hatchi chafutambuyo, kuti aziona ngati womulowa m'malo sakubwera kale pambuyo pake. Ndalama zikapereweranso, boma linkakongola kwa akatapila a mumzinda ndi kwa akuluakulu a asilikali aganyu, makamaka Aluya ochokera ku Hadhramaut, kummwera kwa Arabia, ndipo chikole chake ankapereka maboma athunthu. Ena mwa Aluyawa analemera kufika poti banja la Qu'aiti linatenga chuma cha ku Hyderabad n'kukakhazikitsira ufumu wake kwawo ku Mukalla.

Pamwamba pa zonsezi panali gulu la nkhondo lotchedwa Hyderabad Contingent. Dzina linali la Nizam ndipo malipiro ankachokera m'thumba la Nizam, koma akuluakulu ake anali Angerezi ndipo linkamvera kazembe wa Angerezi. Nizam akachedwa kulipira, kazembeyo ankamulipirira n'kulemba ngongole. Pofika mu 1853 bwanamkubwa wa India, Lord Dalhousie, anati ngongoleyo yakwana marupi pafupifupi 5 miliyoni, ndipo njira yake ndi imodzi: Nizam apereke malo amene msonkho wake uzilipira gululo. Nizam Nasir-ud-Daula anakana, anadandaula, anakumbutsa za ubwenzi wakale, koma mu Meyi chaka chimenecho pangano linasainidwa. Berar anapita, pamodzi ndi dera la Raichur ndi lina la kumadzulo. Papepala malowo anali adakali a Nizam, Angerezi akungomusungira. Nduna imene inasainitsa panganolo, Siraj-ul-Mulk, inamwalira patangopita masiku ochepa.

Siraj-ul-Mulk anali mchimwene wa bambo ake a Turab Ali, amene kwathu kuno tikanangoti ndi bambo ake ndithu, ndipo ndiye anamulera popeza bambo womubereka anamwalira iye ali wamng'ono. Mnyamatayo, wobadwa mu 1829, anavekedwa unduna ali ndi zaka 24. Zikuoneka kuti ena amene anamuvomereza ankaganiza kuti mwana wotere adzamupinda mosavuta.

Gulu la nkhondo lija, limene linadyetsa Berar, lili ndi kankhani kake kwathu kuno. Harry Johnston atafuna asilikali mu 1891 kuti akhazikitse ulamuliro wa Britain m'dera la nyanja, anawatenga ku India, ndipo ena mwa iwo anali okwera pa akavalo a Hyderabad Contingent. Mtsogoleri wawo, Captain Cecil Maguire, anachokeranso ku gulu lomwelo. Anaphedwa chaka chomwecho pomenyana ndi anthu a Makanjira, ndipo Fort Maguire wa ku Mangochi anatchedwa dzina lake.

Chaka cha 1857

Salar Jung anali atangoyamba kuwombola maboma achikole, kulipira Aluya pang'onopang'ono ndi kusonkhanitsa ndalama za boma pamalo amodzi, pamene kumpoto kwa India kunabuka moto. Mu Meyi 1857 asilikali achimwenye anaukira Angerezi ku Meerut nalanda Delhi. Mwezi womwewo Nizam wokalamba anamwalira, ndipo mwana wake Afzal-ud-Daula analowa ufumu. Mumzinda wa Hyderabad anthu ambiri mitima yawo inali ndi oukirawo. M'makoma munkamatidwa zikalata zolimbikitsa nkhondo. Angerezi ankadziwa kuti Hyderabad ikatembenuka, kummwera konse kukhoza kutsatira.

Nduna yachinyamatayo inasankha mbali ya Angerezi, ndipo inasankha poyera. Asilikali ena amene anaukira ku Aurangabad atathawira mumzindamo, anawagwira n'kuwapereka kwa kazembe, Colonel Cuthbert Davidson. Lachisanu pa 17 Julaye, gulu la anthu mazana angapo lotsogozedwa ndi Turrebaz Khan ndi Maulvi Allauddin linapita kukaukira nyumba ya kazembe. Salar Jung anali atatumiza kale uthenga wochenjeza, moti oukirawo anapeza mizinga ikuwadikira. Turrebaz Khan anagwidwa, anathawa, naphedwa mu 1859, mtembo wake n'kupachikidwa poyera kuti ena atengerepo phunziro. Maulvi Allauddin anatumizidwa ku ndende ya ku zilumba za Andaman.

Apa ndi pamene anthu a ku India amagawanika mpaka lero. Msewu wina wa pafupi ndi nyumba ya kazembe ija unapatsidwa dzina la Turrebaz Khan, ndipo kwa amene amamulemekeza, Salar Jung anagulitsa abale ake kwa azungu. Ine sindikuona kuti mlanduwo ndi wophweka choncho. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu 1856, Angerezi anali atameza ufumu wa Awadh wathunthu ponena kuti sukuyendetsedwa bwino, ndipo Hyderabad inali ndi nthenda zomwezo. Kwa munthu amene ntchito yake inali yoti ufumu wa Nizam usafe, kuukira kukanakhala kupatsa Angerezi chifukwa chimene ankachisowa. Anawerenga bwino mphepo. Koma tisamuveke malaya a womenyera ufulu: chimene ankateteza chinali mpando wa Nizam ndi dongosolo la mabanja olemekezeka limene iye anali mbali yake. Anthu a mumzinda sanamukhululukire msanga. Mu 1859 munthu wina anamuwombera akutuluka kwa Nizam ali limodzi ndi kazembe, koma chipolopolo chinamuphonya, ndipo mu 1868 wina anayesanso.

Mphotho inabwera mu 1860. Angerezi anafafaniza ngongole ija, nabweza Raichur ndi dera la kumadzulo lija, nawonjezerapo kaufumu ka Shorapur kamene mfumu yake inaukira. Berar anakana kubweza. Chaka chotsatira ku America kunayamba nkhondo yapachiweniweni, thonje la kumeneko linasiya kufika ku mafakitale a ku Lancashire ku England, ndipo dothi lakuda la ku Amravati ndi Akola, m'chigawo cha Berar, linasanduka golide. Kuyambira pamenepo kunali kovuta kupeza Mngerezi wa udindo amene akanalola kuti dera limenelo lichoke m'manja mwawo.

Mapanga awiri

Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Salar Jung anakhala pakati pa mapanga awiri moyo wake wonse wa unduna, ndipo chodabwitsa n'choti anatha zaka 30 asanagwe. Nizam Afzal-ud-Daula ankamuda. Ankamuona ngati munthu wa Angerezi, sankafuna kumuona pafupipafupi, ndipo kangapo anayesa kumuchotsa. Chimene chinkamupulumutsa ndi kazembe. Komabe ndunayo sinasiye kudzichepetsa pamaso pa mfumu yake. Munthu amene ankalemberana makalata ndi akuluakulu a ku Calcutta, likulu la Angerezi ku India, sankatha kutuluka kunja kwa mzinda popanda chilolezo cha Nizam, moti kwa zaka zambiri ankakonza maboma amene sanawaonepo ndi maso. Mphamvu zake zinkachokera kwa Angerezi, koma chifukwa chokhalira pampando chinkachokera kwa Nizam. Akanataya Nizam akanasanduka kalaliki wa kazembe, ndipo akanataya kazembe adani ake a kunyumba yachifumu akanamudya tsiku lomwelo.

Ntchito imene anagwira ali mopanikizika momwemo ndi yaikulu. Anathetsa zogulitsa misonkho, naika m'malo mwake akuluakulu olandira malipiro pamwezi, amene akanatha kusamutsidwa kapena kuchotsedwa. Mu 1865 anagawa dziko m'maboma okhala ndi malire odziwika, aliyense ndi bwana wake wa msonkho, ndipo pambuyo pake mabomawo anawaika m'zigawo zisanu. Mlimi anayamba kulipira msonkho wa ndalama wodziwikiratu malinga ndi munda wake, m'malo moti wokhometsa abwere pokolola n'kutapa mmene wafunira. Anabweretsa ndalama imodzi ya dziko lonse yotchedwa Hali Sikka, pamene kale mabwana osiyanasiyana ankasula zawozawo, ndipo dzina la mfumu ya Mughal linachotsedwa pa ndalamazo. Anakhazikitsa makhoti, apolisi olipidwa ndi boma, sukulu ya Dar-ul-Uloom, ndipo mu 1868 anagawira ntchito za boma nduna zinayi zachinyamata zochokera m'mabanja olemekezeka, mwina pofuna kuti mabanjawo aone kuti sakutayidwa. Mu 1874 sitima yapamtunda inafika ku Secunderabad kuchokera ku Wadi, kulumikiza Hyderabad ndi njanji ya Bombay ndi Madras.

Koma pali malire amene sanawadumphe, ndipo amene amamutamanda amakonda kuwalambalala. Dziko la Hyderabad linali la mitundu itatu. Panali malo a boma, amene ndiwo anali m'manja mwa Diwan. Panali malo a Nizam mwiniwake, amene msonkho wake unkalowa m'thumba lake. Ndiye panali minda ikuluikulu ya mabanja olemekezeka, yotchedwa majagir, kuphatikizapo ya banja la Paigah limene linkakwatirana ndi banja lachifumu ndipo linali ndi asilikali akeake. Kusintha konse kuja kunakhudza kwenikweni malo a boma okha. M'majagir mwini malo anali yekha woweruza, wapolisi ndi wokhometsa msonkho, ndipo Salar Jung mwiniwakeyo anali ndi jagir yaikulu. Ngakhale m'malo a boma, mabwana akale a m'midzi anasanduka eni minda, ndipo ntchito yokakamiza yopanda malipiro yotchedwa vetti inapitirira. Amene anamva kwa agogo awo za thangata wa m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu sangavutike kumvetsa kuti vetti anali chiyani. Mkwiyo wake unadzaphulika mu 1946, pamene alimi a ku Telangana, dera la olankhula Chitelugu la ufumuwo, anatenga zida.

Nkhani ina imene anaisiya ikufuka ndi ya alendo. Boma la mafayilo ndi malamulo olembedwa linkafuna anthu ophunzira mwatsopano, ndipo ku Hyderabad anali ochepa. Salar Jung anawaitana kuchokera kumpoto kwa India ndi kwina: Syed Husain Bilgrami, amene anakhala mlembi wake, Mehdi Ali, amene anakonza za msonkho ndipo pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti Mohsin-ul-Mulk, Aghorenath Chattopadhyay wa ku Bengal, bambo ake a mlakatuli Sarojini Naidu. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo awa anametadi bwino. Cholinga cha ndunayo chinali choti alendowo agwire ntchito ndi kuphunzitsa eni dziko, koma asalowerere ndale za kunyumba yachifumu. Sizinatero. Mlendo aliyense ankaitana mphwake ndi mlamu wake, ndipo eni dziko, otchedwa amulki, anayamba kudandaula kuti maudindo onse abwino apita kwa obwera. Mkangano wa amulki ndi obwera unapitirira ufumuwo utatha kale, ndipo unamvekanso m'madandaulo amene anachititsa kuti Telangana ikhale chigawo chapachokha cha India mu 2014.

Mlandu suola

Afzal-ud-Daula anamwalira mu 1869, kusiya mwana wa zaka ziwiri ndi theka, Mahbub Ali Khan. Salar Jung anasankhidwa kusunga ufumu limodzi ndi mkulu wa banja la Paigah, Shams-ul-Umara. Kwa nthawi yoyamba analibe mfumu yomupondereza, ndipo apa ndi pamene Angerezi anazindikira kuti munthu amene ankamuyesa wawo anali ndi zake mumtima. Salar Jung anayamba kulemba makalata a Berar, aatali, odzaza ndi masamu. Mfundo yake inali yosavuta kumva: malowo anatengedwa kuti alipire asilikali, tsopano boma la Nizam lili ndi ndalama ndipo likhoza kuika chikole cha ndalama m'malo mwa dziko, nanga mukusungiranjinso Berar? Anafika pofunsa ngati gulu la nkhondolo linali lofunika n'komwe. Yankho lomveka panalibe, choncho ku Calcutta anayamba kuona kufunsako ngati mwano.

Ataona kuti ku India zitseko zatsekeka, anaganiza zopita kwa eni ake. Mwana wa Mfumukazi Victoria atacheza ku India mu 1875, Salar Jung anadziwana ndi ena a m'gulu lake, ndipo Duke of Sutherland anamuitana ku England. Ananyamuka mu 1876 ndi chigulu cha anthu. Ku Rome anaonana ndi mfumu ya Italy ndi Papa Pius IX. Ku Paris anaterereka pa masitepe a hotela n'kuthyoka fupa la m'ntchafu, moti ku England anafika mochedwa ndipo kumaphwando ankachita kumunyamula pampando. Ulemu anamupatsa wosefukira: yunivesite ya Oxford inamupatsa digiri yaulemu, mzinda wa London unamulandira ngati mfulu yake, Mfumukazi inamuitana ku Windsor. Koma kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Palibe amene anamukanira mwamwano; anangomuuza kuti nkhani ya Berar aipereke kudzera kwa akuluakulu a ku India, anthu omwe aja anali atamukanira kale.

Atabwerera anapeza bwanamkubwa watsopano, Lord Lytton, atakwiya kuti nduna ya mfumu yachimwenye yamudumpha n'kukadandaula kwa mabwana ake. Pa msonkhano waukulu wa ku Delhi mu Januwale 1877, pamene Victoria analengezedwa kukhala mfumukazi ya India yense, kusiyana kwawo kunaonekera: Salar Jung ankaumirira kuti Nizam ndi bwenzi la Britain mwa pangano, pamene Lytton ankafuna kuti zimveke kuti ndi mfumu yaing'ono pansi pa Mfumukazi. Chaka chomwecho Shams-ul-Umara anamwalira, ndipo Angerezi anakakamiza kuti malo ake atenge m'bale wake amene anali mdani wodziwika wa Salar Jung. Anachotsanso mlembi wake wachingerezi, Oliphant, pomuganizira kuti ndiye ankamuthandiza kulemba makalata aja. Za Berar anati sizikambidwanso mpaka Nizam atakula. Zonsezi zinkachitika chilala chachikulu cha 1876 mpaka 1878 chikusakaza kummwera kwa India. Munthu yemwe zaka 20 m'mbuyomo ankatchedwa mpulumutsi wa Angerezi tsopano ankalembedwa m'makalata achinsinsi ngati munthu woopsa.

Mdani uja anamwalira mu 1881, Lytton anali atachoka, ndipo zinthu zinayamba kufewa. Kunatsala chaka chimodzi kuti Nizam apatsidwe ufumu wake, nthawi imene nkhani ya Berar ikanatsegulidwanso. Pa 8 Febuluwale 1883 Salar Jung anamwalira atadwala maola ochepa chabe, ali ndi zaka 54. Madokotala anati ndi kolera. Mumzinda munamveka manong'onong'o a poizoni, monga zimakhalira munthu wamkulu akafa mwadzidzidzi, koma palibe umboni umene unapezeka. Munthu amene anatulutsa boma m'manja mwa akatapila anasiya ngongole zambiri zakezake.

Mwana ndi mdzukulu

Mwana wake, Mir Laiq Ali Khan, Salar Jung wachiwiri, anakhala nduna yaikulu mu 1884 ali ndi zaka zongopitirira 20. Anali mnzake wa Nizam kuyambira ubwana, koma ubwenziwo sunapirire mpando. Anasemphana ndipo anatula pansi udindo mu 1887. M'nthawi yochepayo anachita chinthu chimene bambo ake ankachikana: anachotsa Chiperisiya n'kuika Chiurdu kukhala chilankhulo cha boma, zimene zinapatsanso mwayi obwera a kumpoto aja, popeza chinali chilankhulo chawo. Anamwalira mu 1889, kusiya mwana wakhanda.

Khandalo ndi Mir Yousuf Ali Khan, Salar Jung wachitatu. Nayenso anavala unduna ali mnyamata, mu 1912, pansi pa Nizam womaliza, Mir Osman Ali Khan, koma anangokhalapo zaka ziwiri. Mfumu imeneyi sinkafuna nduna ya dzina lolemera kuposa lake. Kuyambira kwa Mir Alam, anthu asanu ndi mmodzi a banja limeneli anali atakhalapo pa mpandowo, ndipo uyu anali wotsiriza. Zaka 35 zotsala za moyo wake anazithera pogula zinthu. Sanakwatire. Amalonda a zinthu zakale ankabwera kunyumba ya makolo ake, Dewan Devdi, ndi mabuku olembedwa pamanja a Chiarabu ndi Chiperisiya, mipeni ya mafumu a Mughal, mbale za ku China, makapeti, mawotchi, ndipo iye ankagula mpaka zipinda kudzaza. Anamwalira mu Marichi 1949, miyezi yochepa asilikali a India atalowa mu Hyderabad mu Seputembala 1948 n'kuthetsa ufumu umene agogo ake anaupulumutsa. Popeza analibe mwana, katunduyo anasungidwa pamodzi, ndipo nduna yaikulu ya India, Jawaharlal Nehru, anatsegulira anthu onse nyumbayo mu Disembala 1951. Mu 1968 zinthuzo zinasamutsidwira ku nyumba yatsopano ya m'mphepete mwa Musi. Dewan Devdi yambiri inagwetsedwa. Pamalopo pali mashopu, ndipo chotsala chodziwika ndi zipata zake.

Motero dzina la Salar Jung lero limakumbutsa anthu ambiri za mdzukulu wogula zinthu kuposa agogo wokonza boma. Ola likamakwana, alendo amadzaza pabwalo la mkati mwa nyumbayo kudikira wotchi yakale imene mumatuluka kachidole ka munthu, n'kuimba belu kuchuluka kwa maola, n'kubwereranso mkati. Pa 12 koloko masana ndi pamene pamadzaza kwambiri, chifukwa kamunthuko kamaimba kakhumi ndi kawiri.

Nanga Berar? Mahbub Ali Khan, mwana uja Salar Jung anamusungira ufumu, ndiye anatseka nkhaniyo. Mu 1902 bwanamkubwa wa India, Lord Curzon, anapita yekha ku Hyderabad, nakambirana ndi Nizam, ndipo anatuluka ndi pangano loti Britain ibwereke Berar mpaka kalekale pa lendi ya marupi 2.5 miliyoni pachaka. Chaka chotsatira derali linaphatikizidwa ndi chigawo cha Angerezi cha Central Provinces. Osman Ali Khan anayesanso kulifunsa m'zaka za m'ma 1920 ndipo anakanizidwa mosapsatira mawu. Mu 1936 anapatsidwa chipukuta misozi: Angerezi anavomerezanso papepala kuti mwini Berar ndi Nizam, ndipo mwana wake wamkulu analoledwa kumatchedwa Kalonga wa Berar. Kalongayo sanalamulirepo ngakhale mudzi umodzi kumeneko. Lero Amravati ndi Akola ali m'chigawo cha Maharashtra, ndipo alimi ake akulimabe thonje.